Matelesikopu a pa Mount Wilson: kodi akadali ndi ntchito pa kafukufuku wa zakuthambo?

Bambo Mbewe:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndikufuna kuti tikambirane za malo oonerapo zakuthambo a pa phiri la Mount Wilson, ku California m'dziko la America, pamwamba pa mzinda wa Pasadena. Malowa anawakhazikitsa George Ellery Hale mu 1904 ndi ndalama za bungwe la Carnegie Institution of Washington. Mu 1908 anamaliza telesikopu ya galasi lotambalala mainchesi 60, kapena kuti mita imodzi ndi theka, ndipo mu 1917 inayamba kugwira ntchito ina ya mainchesi 100, yotchedwa Hooker, imene inali yaikulu kuposa ina iliyonse padziko mpaka pamene ya mainchesi 200 ya pa Palomar inaiposa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Masiku ano matelesikopu awiriwa amagwiritsidwa ntchito makamaka poonetsa alendo zakumwamba, pamene akatswiri ambiri anasamukira ku Chile ndi ku Hawaii. Funso langa ndi lakuti: kodi phiri limeneli lingatchedwebe malo a kafukufuku, kapena langotsala nyumba yosungiramo zinthu zakale? Ine maganizo anga akupendekera ku mbali yachiwiriyi, koma ndikufuna kumva kwa anzanga amene munaphunzira zimenezi mozama.

Mayi Nankhoma:
Zikomo a Mbewe chifukwa cha mutu umenewu. Ndisanayankhe funso lanu, ndikuona kuti ndi bwino tiyambe tagwirizana za zimene zimachititsa telesikopu kuona bwino, chifukwa anthu ambiri amangoyang'ana kukula kwa galasi. Galasi limasonkhanitsa kuwala, n'zoona, ndipo la mainchesi 100 limasonkhanitsa kuwala kochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi la mainchesi 60. Koma kuwalako kusanafike pagalasi kumadutsa mumpweya, ndipo kukachoka pagalasi kumafunika chipangizo choti chikugwire n'kukusunga. Mbiri yonse ya Mount Wilson ndi ya zinthu zitatu zimenezi, ndipo sizinakalambe mofanana.

Pa nkhani ya mpweya, aliyense amene anayendapo pamsewu wa phula masana a mu Okutobala anaona mmene zinthu za kutsogolo zimanjenjemerera chifukwa cha mpweya wotentha umene ukukwera. Nyenyezi zimaphethira pa chifukwa chomwecho, ndipo mu telesikopu yaikulu kuphethirako kumasandutsa kadontho ka nyenyezi kukhala chibanga. Hale anasankha Mount Wilson, phiri lotalika mamita pafupifupi 1,740, chifukwa mpweya wozizira wochokera kunyanja ya Pacific umakhazikika m'chigwa cha Los Angeles, ndipo pamwamba pake pamakhala mpweya wofunda ndi wodekha. Nsonga ya phiriyo nthawi zambiri imakhala mumpweya wodekhawo. Kudekha kumeneku kulipo mpaka lero. Chimene chinatha ndi mdima, chifukwa magetsi a mzinda anawalitsa thambo.

Tadala:
Pepani akuluakulu, ine ndine wophunzira ndipo ndikufuna kumvetsa. Ngati kutalika kwa phiri n'kofunika, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita oposa 3,000. Kodi sikuti malo ngati amenewo angapose Mount Wilson?

Mayi Nankhoma:
Funso lanu ndi labwino, a Tadala. Kutalika pakokha sikukwanira. Akatswiri amafuna malo amene usiku wambiri pa chaka kumakhala kopanda mitambo, mpweya wouma, ndiponso mphepo yoyenda mosavundukavunduka. Mulanje amakoka mitambo, amalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimaphimba phirilo masiku angapo motsatizana. N'chifukwa chake matelesikopu aakulu a kumwera kwa Africa ali ku Sutherland, m'dera louma la Karoo ku South Africa.

Bambo Tembo:
Ine ndikufuna kukhazikika pa chinthu chachitatu chimene amayi Nankhoma atchula, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Zambiri mwa zimene zinatchukitsa phirili zinajambulidwa pa mapuleti, ndiko kuti magalasi athyathyathya opakidwa mankhwala a siliva amene amada kuwala kukawagunda. Katswiri ankalowetsa puleti kumapeto kwa telesikopu, n'kukhala mumdima ndi m'chisanu diso lili pa nyenyezi imodzi yotsogolera, akukonza pang'onopang'ono kayendedwe ka makinawo kuti chithunzi chisasuntheke pamene dziko likuzungulira. Kukacha ankatsuka puletiyo m'mankhwala, kenako ankaiunika ndi galasi lokulitsa zinthu.

Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Okutobala 1923, Edwin Hubble anajambula mtambo wowala wa Andromeda ndi telesikopu ya Hooker kwa mphindi pafupifupi 45. Pa puletiyo anaika chilembo cha N pa nyenyezi zitatu zimene ankaganiza kuti ndi zophulika mwadzidzidzi. Atayerekeza ndi mapuleti akale a malo omwewo, anapeza kuti imodzi mwa izo imawala ndi kuzirala mobwerezabwereza pa masiku pafupifupi 31, choncho anafufuta N uja n'kulemba ndi inki yofiira kuti VAR, kusonyeza kuti ndi nyenyezi yosinthasintha. Nyenyezi za mtundu umenewu, zotchedwa Cepheid, zili ndi lamulo lake: imene imatenga masiku ambiri kuti imalize kusintha ndi imene ili yowala kwambiri mwachibadwa. Ukadziwa kuwala kwake kwenikweni, n'kuona mmene ikuonekera yozirala, ukhoza kuwerengera mtunda. Hubble anapeza zaka pafupifupi 900,000 za ulendo wa kuwala, mtunda woposa kukula kwa Mlalang'amba wathu monga ankaudziwira nthawi imeneyo. Apa m'pamene zinatsimikizika kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina woima pawokha.

Chimene ndikufuna muone, a Mbewe, n'chakuti Hubble akanapanda kukhala ndi mapuleti akale oyerekezera, usiku umodzi sukanamuuza kanthu. Mphamvu ya puleti inali kusunga thambo la tsiku limenelo kuti wina adzaliwerenge m'tsogolo.

Bambo Chirwa:
Ndiwonjezerepo kuti lamulo la nyenyezi za Cepheid silinapezeke pa Mount Wilson. Analipeza Henrietta Leavitt wa ku Harvard, ndipo linasindikizidwa mu 1912. Iye anaunika mapuleti ojambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru, a kamtambo kakang'ono ka Magellan. Mitambo iwiri ya Magellan sioneka ku California chifukwa ili kumwera kwambiri, koma ife a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique timaiona ndi maso usiku wopanda mwezi tikayang'ana kumwera, ngati tizidutswa tiwiri tothothoka ku Mlalang'amba. Ndiye kuti muyezo umene Hubble anagwiritsa ntchito unachokera ku thambo la kumwera. Ndiponso kufiira kwa kuwala kwa milalang'amba, kumene kumasonyeza kuti ikuthawa, anayamba kukuyeza ndi Vesto Slipher wa ku Lowell Observatory ku Arizona. Mu 1929 Hubble anaphatikiza miyezo ya Slipher ndi mitunda imene iye anapeza, n'kuonetsa kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri umathawanso mofulumira kwambiri. Ndimakhumudwa mabuku akamalemba ngati kuti ntchito yonseyi inagwiridwa ndi munthu mmodzi.

Bambo Tembo:
Ndikugwirizana nanu kwathunthu, a Chirwa, ndipo pa mndandanda wa oiwalika tiikepo Milton Humason. Munthu ameneyu anayamba ndi kuyendetsa nyulu zonyamula katundu kukwera phirilo pa nthawi yomanga, kenako mu 1917 analembedwa ntchito yosesa. Chifukwa cha luso lake pa makina anakwezedwa kukhala wojambula, ndipo ndi iye amene anapitiriza kuyeza milalang'amba yakutali kwambiri. Kuwala kwake kunali kochepa kwambiri moti puleti imodzi inkafunika kulandira kuwala usiku ungapo motsatizana, akutseka kukacha n'kudzatsegulanso kukada pa malo omwewo.

Bambo Mbewe:
Zonsezi ndazimva ndipo ndi zolemekezeka, koma zikulimbikitsa mfundo yanga. Mukunena za 1923 ndi 1929. Mapuleti anatha ntchito, thambo linawala ndi magetsi, ndipo Carnegie yeniyeniyo inatseka telesikopu ya Hooker chapakati pa zaka za m'ma 1980 n'kuika mphamvu zake ku Las Campanas m'dziko la Chile. Eni ake atachoka, ife tinganene bwanji kuti kafukufuku akadalipo?

Mayi Nankhoma:
Pa nkhani ya magetsi simukulakwa, ndipo umboni wake ndi wakale. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, magetsi a Los Angeles ankazimitsidwa kapena kuphimbidwa poopa kuukiridwa ndi ndege. Walter Baade, amene anali nzika ya Germany ndipo sankaloledwa kugwira ntchito za nkhondo, anatsala paphiri ndi nthawi yambiri pa telesikopu ya Hooker. Pogwiritsa ntchito mapuleti atsopano omva kuwala kofiira, anakwanitsa kuona nyenyezi imodziimodzi pakatikati pa Andromeda, pamene ena onse ankangoona chifunga chowala. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1944, ndipo zinaonetsa kuti pali magulu awiri a nyenyezi, zakale ndi zatsopano. Kuchokera pamenepo Baade anadzazindikira kuti nyenyezi za Cepheid zilinso za mitundu iwiri, ndipo mu 1952 analengeza kuti mitunda ya milalang'amba iyenera kuwirikizidwa kawiri. Lero timati Andromeda ili pa zaka pafupifupi 2.5 miliyoni za ulendo wa kuwala. Pa ntchito ya Baade ya 1944 ija, galasi linali lomwe lija la 1917. Chimene chinasintha ndi mdima ndi mankhwala a papuleti.

Ndiye n'zoona kuti kufunafuna milalang'amba yozirala sikungathekenso pa phiri limeneli. Koma si kafukufuku yense amene amafuna mdima. Amene akuphunzira nyenyezi zowala, kapena dzuwa, amafuna mpweya wodekha, ndipo umenewo magetsi sauwononga.

Bambo Chirwa:
Ndi pa mfundo imeneyi pamene ndikutsutsana nanu, a Mbewe. Pa phiri lomwelo pali CHARA, makina a yunivesite ya Georgia State amene anayamba kugwira ntchito mokwanira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Ndi matelesikopu asanu ndi imodzi, iliyonse ya galasi la mita imodzi, omwazikana pakati pa mitengo ndi nyumba zakale motsatira maonekedwe a chilembo cha Y. Awiri otalikirana kwambiri ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 330. Kuwala kwa nyenyezi imodzi kukafika pa telesikopu iliyonse kumatumizidwa m'mapaipi ochotsedwa mpweya kupita ku nyumba imodzi yaitali. M'nyumbamo muli magalasi okwera pa tingolo toyenda panjanji, ndipo ntchito yake ndi kutalikitsa kapena kufupikitsa njira ya kuwala kwa telesikopu iliyonse kuti kuwala konse kufike pamodzi nthawi imodzi, mosaphonya ngakhale ndi kachigawo kochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Tingoloto sitiima, chifukwa dziko likamazungulira mtunda wa nyenyezi kupita ku telesikopu iliyonse umasinthasintha.

Kuwala kukaphatikizana kumapanga mizere yowala ndi yakuda, ndipo kuchokera m'mizereyo kompyuta imawerengera kukula ndi maonekedwe a nyenyezi. Pa kusiyanitsa tizinthu ting'onoting'ono, makinawa amaona ngati galasi limodzi lotambalala mamita 330, ngakhale kuti kuwala kumene amasonkhanitsa ndi kwa magalasi ang'onoang'ono asanu ndi limodzi okha. N'chifukwa chake amayang'ana nyenyezi zowala, zimene magetsi a Los Angeles sangazibise.

Mu 2007 gulu lotsogoleredwa ndi John Monnier wa ku yunivesite ya Michigan linatulutsa chithunzi cha nkhope ya nyenyezi ya Altair pogwiritsa ntchito CHARA. Aka kanali koyamba kujambula nkhope ya nyenyezi imene ili pa gawo la moyo wake lofanana ndi la dzuwa lathu, kupatula dzuwalo. Altair imazungulira kamodzi pa maola osakwana 10, choncho inaoneka yofufuma pakati, ndipo pakatipo panali pozizirirapo ndi podera poyerekeza ndi kunsonga zake. Mu 2010 anajambula chimbale cha fumbi chikudutsa kutsogolo kwa nyenyezi ya Epsilon Aurigae, imene imazirala kamodzi pa zaka 27, ndipo mu 2016 anaonetsa mawanga a pa nyenyezi ya Zeta Andromedae. Ameneyu ndi kafukufuku wa nthawi yathu ino.

Tadala:
Kodi njira imeneyi yophatikiza kuwala ndi yatsopano, kapena inalipo kale?

Bambo Tembo:
Inayesedwa pa phiri lomwelo zaka zoposa 100 zapitazo, a Tadala. Mu Disembala 1920 Albert Michelson ndi Francis Pease anamangirira chitsulo chotalika mamita 6 pamwamba pa telesikopu ya Hooker, chokhala ndi timagalasi tosuntha kumapeto kwake. Potalikitsa timagalasito mpaka mizere ija itazimiririka, anayeza kukula kwa Betelgeuse, nyenyezi yofiira ya m'gulu la Orion. Inali nyenyezi yoyamba, kupatula dzuwa, kuyezedwa kutambalala kwake mwachindunji, ndipo anapeza kuti ndi yaikulu moti njira yonse imene dziko lathu limadutsa pozungulira dzuwa ikhoza kulowa mkati mwake. Iwo ankaona mizereyo ndi maso. Pease anadzamanga china cha mamita 15, koma sichinayende bwino chifukwa chitsulo chinkapindika ndiponso kunjenjemera. Njirayi inadikira kubwera kwa leza, makompyuta ndi makamera othamanga. Mfundo yomweyo ndi imene ikugwira ntchito pa MeerKAT ku Karoo, pamene mbale 64 zolandira mafunde a wailesi zimaphatikizidwa, kungoti pa mafunde a wailesi kuphatikizako kumachitika m'makompyuta osati ndi magalasi.

Mayi Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndikuona kuti sitinafotokoze chimene chinalowa m'malo mwa mapuleti. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs anatulukira CCD, kachipangizo ka silikoni kogawidwa m'tizipinda tambirimbiri, kamene kamasandutsa kuwala kukhala magetsi owerengeka. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2009. Puleti inkagwira kachigawo kochepa kwambiri ka kuwala kumene kunkaigunda, kawirikawiri magawo ochepa chabe pa 100 aliwonse, pamene CCD yabwino imagwira magawo oposa 80. Komanso CCD imayankha molingana: kuwala kukawirikiza kawiri, chiwerengero chimawirikizanso kawiri, zimene puleti sinkachita. Zotsatira zake n'zakuti telesikopu ya mita imodzi yokhala ndi CCD inayamba kuona zimene kale zinkafuna galasi lalikulu kwambiri.

Koma apa m'pamene ndikuwamvetsa a Mbewe. CCD imagwira kuwala konse, kwa nyenyezi ndi kwa magetsi a mzinda omwe. Kamera yabwino siingachotse thambo lowala, ndiye kubwera kwake kunachititsa kuti kusiyana kwa Mount Wilson ndi mapiri a ku Chile kuonekere kwambiri. Carnegie sinalakwitse kusamuka.

Chinanso choyenera kutchulidwa ndi adaptive optics, njira yogwiritsa ntchito kagalasi kopindika kamene kamasintha maonekedwe ake kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti kawongole kuwala kumene mpweya wakhotetsa. Amene anayamba kulemba ganizoli mu 1953 ndi Horace Babcock, katswiri wa pa Mount Wilson pomwepo, pa nthawi imene kunalibe makompyuta oti n'kulikwaniritsa. M'zaka za m'ma 1990 telesikopu ya Hooker itatsegulidwanso pansi pa bungwe la Mount Wilson Institute, anaiika makina amenewa. Lero matelesikopu aakulu ambiri a padziko amadalira njirayi.

Bambo Mbewe:
Ndiye tikugwirizana kuti galasi la Hooker lenilenilo silikutsogolanso pa kafukufuku. Za CHARA ndazilandira, koma amenewo ndi makina atsopano amene angobwereka phiri.

Mayi Nankhoma:
Angobwereka phiri, inde, koma sanalisankhe mwangozi. Mizere ija imasokonekera mpweya ukamavunduka, choncho anafuna mpweya wodekha womwe uja umene Hale anaupeza mu 1904, kuphatikizapo msewu, magetsi ndi malo ogona amene analipo kale. Ndipo tisaiwale kuti malowa anayamba ngati oonerapo dzuwa. Mu 1908 Hale anagwiritsa ntchito nsanja ya mamita 18 kuonetsa kuti mawanga a padzuwa ali ndi mphamvu ya maginito, koyamba kuti mphamvu imeneyi ipezeke kunja kwa dziko lathu. Pa nsanja yaikulu ya mamita 46 anayamba mu 1917 kujambula pamanja mawanga a padzuwa tsiku lililonse kukacha bwino, ndipo zojambulazo zaunjikana kwa zaka zoposa 100. Mu 1966 Olin Wilson anayambanso kuyang'anira nyenyezi zina zofanana ndi dzuwa chaka ndi chaka, ndipo ntchitoyo inaonetsa kuti zambiri mwa izo zili ndi nyengo zobwerezabwereza ngati ya zaka 11 imene mawanga a dzuwa lathu amachuluka ndi kuchepa. Zolembedwa zazitali chonchi telesikopu yatsopano siingazipange, ngakhale itakhala yaikulu bwanji, chifukwa siingabwerere ku 1917.

Bambo Tembo:
N'chimodzimodzinso ndi mapuleti. Carnegie ikusunga mapuleti oposa 200,000 ku maofesi ake a zakuthambo ku Pasadena, ndipo puleti ya Hubble ili pomwepo. Katswiri amene akufuna kudziwa mmene nyenyezi ina inkawalira zaka 90 zapitazo alibe kwina kopita koposa m'mabokosi amenewo ndi ena onga iwo. Nkhawa yanga ndi yakuti galasi limasweka ndipo mankhwala a pamwamba pake amatha kusupuka, choncho ntchito yowajambulanso kuti alowe m'makompyuta ndi yofunika kuifulumiza.

Mayi Nachisale:
Nkhawa ina yaikulu ndi moto wolusa. Phirili lazunguliridwa ndi tchire louma. Mu 2009 moto wotchedwa Station unayandikira malowa, mu Seputembala 2020 moto wa Bobcat unafika pa mtunda wa mamita osakwana 200 ozimitsa moto asanaubweze, ndipo mu Januwale 2025 moto wa Eaton, umene unawononga nyumba zambiri ku Altadena m'munsi mwa phirilo, unakweranso mpaka chakunsonga. Nyumba za matelesikopu zinapulumuka maulendo onsewa. Ngakhale moto usafike, phulusa ndi utsi zimaipitsa magalasi ndipo ntchito imaima mpaka atatsukidwa.

Tadala:
Zikomo nonse. Ndatsala ndi funso limodzi kwa a Chirwa. Ngati CHARA imaona tizinthu ting'onoting'ono chonchi, n'chifukwa chiyani osangowonjezera matelesikopu ambiri pa mtunda wa makilomita angapo?

Bambo Chirwa:
Pali zopinga zingapo, a Tadala. Mtunda ukatalika, nyumba ya tingolo tija iyeneranso kutalika, chifukwa kusiyana kwa njira za kuwala kumakula. Kuwala kumadutsa pa magalasi ambiri kusanafike pa kamera, ndipo galasi lililonse limataya pang'ono, moti kumene kumafika ndi kachigawo kochepa ka kumene kunalowa. Ukawonjezera telesikopu, kuwala kwa iliyonse kumagawidwanso kuti kuphatikizidwe ndi kwa zinzake zonse. Komanso mpweya umasintha pa tizigawo ting'onoting'ono ta sekondi, ndiye kamera iyenera kujambula mofulumira chomwecho popanda kuwonjezera phokoso lake la magetsi, kutanthauza tizizindikiro tosokoneza chithunzi tochokera mu kamera momwemo. N'chifukwa chake ntchito yambiri ya zaka zaposachedwapa pa CHARA yakhala yoika adaptive optics pa telesikopu iliyonse, kubweretsa makamera omva kuwala kwa infrared (kosaoneka ndi maso) amene ali ndi phokoso lochepa, ndi kuyesa kutumiza kuwala kudzera mu ulusi wa galasi m'malo mwa mapaipi. Ulusiwo ukagwira bwino ntchito, telesikopu ina ikhoza kuikidwa kutali popanda kumanga mapaipi atsopano pakati pa mitengo ndi miyala ya paphiripo.